Vainess Wangodwala Pang'ono

Ndipo chimene chinkamunyansa kwambiri Lucious sichinali uthengawo ayi, koma kalankhulidwe kake, timawu tofewa tija ta kuguwa, timene mlamu wake Mervin ankatitulutsa ngati wamanga tayi ngakhale ali pafoni. "Alamu, mukaweruka mutipeze kuno ku Beech Grove. Palibe choopsa. Vainess wangodwala pang'ono." Pang'ono! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, mkulu wa mpingo, wapampando wa Amalawi onse a mu Indianapolis, kuimbira mwamuna wa mlongo wake pakati pa sabata, dzuwa lili pamutu, kuti achoke kuno kutsidya kwa malire a Michigan atsike mtunda wonsewo chifukwa cha matenda a pang'ono. Ndipo Lucious atati, "Mpatseni foni ndilankhule naye," yankho linali lokonzeratu, losita kale: "Panopa ayi, alamu. Mudraive bwinobwino, musathamange." Atatero anadula.

Lucious anali ataima patsinde pa pholo, m'mphepete mwa munda wa chimanga chosafika m'mawondo, zotsekera m'makutu zili m'khosi, mita yoyezera phokoso ili m'manja. Pamwamba pa pholopo panali sayirini yatsopano, imodzi mwa zambirimbiri zimene kampani yawo inkamangirira kuzungulira fakitale ya magetsi a nyukiliya ya m'mphepete mwa nyanja, kuti tsiku lina zinthu zikadzavuta mkatimo — chiphe chija chosaoneka, chosanunkha, chikadzatulukira kunja — anthu a m'mafamu ndi m'timatauni adzamve, adzatsegule wailesi, adzadziwe kothawira. Zakale zija, zimphona zadzimbiri zozungulira ndi injini, zinkadalira magetsi a m'mawaya, ndiye tangoganizani uchitsiru wake: magetsi akathima, nazonso zii, pa nthawi yeniyeni imene zikufunika. Zatsopanozi zinali ndi mabatire akeake, ndipo zinkatha kuyesedwa mwakachetechete. Munthu ali mu ofesi ankangodina batani, kanyali n'kuyaka kusonyeza kuti sayirini ili moyo, koma panja osamveka kanthu. Lero lokha ndiye linali tsiku loti zilire zenizeni, zonse pamodzi, ndipo Lucious anayenera kuima apa n'kuona ngati phokoso likufika pa mlingo wake.

Ntchito yake inali imeneyo basi, kuonetsetsa kuti nkhani yoipa yamveka, yamveka msanga, yamveka kwa aliyense, wogona ndi wa m'bafa yemwe — ndiye anthu akwawo, anthu ake enieni, amene anawoloka nyanja zamchere n'kutenga madigiri, ena mpaka kumaphunzitsa ana a azungu m'mayunivesite, anali adakali ndi kachizolowezi kaja koti munthu sauzidwa za imfa pafoni. Ayi, munthu amaitanidwa. Amanamizidwa mwaulemu, kuti asakomoke panjira, kuti asagwetse galimoto, kuti akafike pamene pali manja omugwira. Akati wadwala pang'ono ndiye kuti zavuta, akati wadwala kwambiri ndiye kuti adzukulu anyamula kale makasu. Koma nthawi zina, ndipo apa ndi pamene zinkamuwawira, nthawi zina munthu amakhala atadwaladi pang'ono, ndipo Mervin, mmene amakondera misonkhano muja, akanatha kusonkhanitsa mpingo wonse chifukwa cha chimfine. Chenjezo lanji limene sungadziwe ngati lalira kapena silinalire? Asa! Iye akanamangirira chinthu chotero pa pholo, akanamuchotsa ntchito tsiku lomwelo.

Sananyamuke nthawi yomweyo. Athamange chifukwa Mervin watsokomola? Anavala zotsekera m'makutu, nadikira, ndipo sayirini itayamba — inayambira pansi, kenako n'kukwera, n'kukwerabe, mpaka pholo linanjenjemera ndipo phokosolo linamulowa m'mano ndi m'chifuwa — anamva kukoma kwina kochititsa manyazi, kuti padziko pano chilipo chinthu chimodzi chosazungulira polankhula. Mbalame zinabalalika m'mundamo. Manambala pa mita anakwera n'kuima pamene ankafunika. Koma kutsidya kwa msewu mayi wina wachizungu anapitiriza kutchetcha kapinga atakwera kathirakitala kake, osacheuka n'komwe, ndipo mdala wa pa famu yoyandikana anatuluka, osati kudzafunsa kuti kwagwanji, koma kudzalowetsa galu wake amene ankauwa. Anthu awa! Analengezeredwa pa wailesi kuti lero ndi kuyesa chabe, ndiye azolowera, ndipo tsiku lenileni likadzafika adzatchetchabe kapinga, adzati akuyesa. Uku anthu osamva, uko anthu osanena. Sayirini itatsika n'kukhala chete, anavula zotsekera m'makutu zija.

Anauza bwana wake kuti kunyumba kwavuta pang'ono — pang'ono, taonani, nayenso mawu omwewo anamutuluka m'kamwa asanawaganize, ndipo anadzida — n'kukabweza galimoto ya kampani ku South Bend. Kumeneko ndi kumene ankagona mkati mwa sabata, m'kachipinda ka lendi pakati pa tauni, pafupi ndi chipatala, kumene maambulansi ankadutsa kawirikawiri mpaka iye analeka kuwamva. Mkazi wake Vainess anatsala ku Beech Grove ndi mwana wawo Shalom chifukwa cha ntchito yake ya unesi, ndipo pangano linali loti Lucious azitsika Lachisanu lililonse, kenako linasanduka Lachisanu lina, kenako pamene ntchito yalola, kenako pamene iye wakonzeka kupirira nyumba yodzaza ndi amayi a mpingo akuimba pabalaza, Mervin atakhala pa mpando wa mwini nyumba, akumuonetsa kwa alendo kuti "a Injiniya athu a nyukiliya" — ngakhale anamuuza kangapo konse kuti iye m'fakitalemo sanapondemo n'komwe, ntchito yake ndi ya m'mapolo. Koma Mervin amakonda zinthu zokulunga bwino. Ngakhale mlamu wokwera mapolo ankamukulunga asanamupereke kwa anthu.

Anatsegula kabati kuti atenge malaya osinthira, ndipo suti yakuda ija inali pomwepo, m'pulasitiki mwake. Kuitenga ndiye kuti wavomera. Kuisiya, nanga akakafika n'kupeza — ayi, akakapeza chiyani? Mkazi wa mutu waching'alang'ala atagona pa sofa, Evelina mkazi wa Mervin akumupangira tiyi wa mandimu, onse n'kumuseka kuti a Injiniya abwera ndi suti ya maliro? Anaima pamenepo nthawi yaitali moti anayamba kudzinyoza, bambo wa mwana wamkulu kale kumaopa nsalu. Kenako anaikoka osaiyang'ana, nakaiponya kubuti ya galimoto yake, kumene sakanaiona panjira.

Mutu. Inde, anali atanenapo za mutu. Lamlungu lapitalo, pafoni, Vainess anati mutu ukumuwawa kunkhongo, sukusiya, ndipo maso akumachita chidima akaweruka — anazinena mopepuka, mmene amanenera zonse, ngati akunena za mtengo wa anyezi — ndipo iye anayankha kuti chiyani? "Nesi wathunthu ukundifunsa ine za mutu? Imwa panado." Anaseka ndithu. Naye Vainess anaseka, kaseko kakafupi, n'kusintha nkhani. Koma nanga iye akanadziwa bwanji? Mkazi woyeza anthu BP tsiku lonse, wodziwa manambala onse, bwanji sananene poyera kuti bambo a Shalom, ndikuopa, bwerani? Bwanji anthu awa sanena? Amakuponyera kachidutswa kuti uzitola wekha, ndipo ukalephera kutola mlandu ndi wako. Chibadwa chawo, Vainess ndi mlongo wake yemwe, banja lonse lonong'ona. Anaponda mafuta pa msewu wa 31, minda ikuthawira kumbuyo mbali zonse ziwiri, yafulati, yosatha, yopanda ngakhale kaphiri koti diso lipumirepo.

Chaka chatha anawatengera kunyanja kuja, Vainess ndi Shalom, ndipo pobwerera anaimitsa galimoto kuti awaonetse pholo loyamba limene anamaliza, akufotokoza za mabatire, za mtunda umene phokoso limafika, akudzimva ndithu. Vainess anayang'ana m'mwambamo dzanja lili pachipumi, kenako anafunsa, "Nanga ikadzalira zenizeni, inuyo mudzathawira kuti?" Ndipo iye, a Injiniya, anamufotokozera kuti asadandaule, Indianapolis ili kutali kwambiri, siili m'dera loopsa, n'kumujambulira chizungulire pafumbi la galimoto. Mkaziyo anangoti, "Oo." Funso lopanda nzeru, anatero mumtima tsiku limenelo, funso la munthu wosadziwa mapu. Nanga bwanji likumubwerera lero, likumukanda chonchi? Ngati ankafunsa zina, bwanji sanafunse zimene ankafunsazo?

Ndipo bwanji kunyumba? Limeneli linamupeza atadutsa Plymouth, n'kumukhala pachifuwa. Wodwala weniweni amakhala kuchipatala, ndipo Mervin akanati mutipeze kuchipatala chakuti, wodi yakuti. Wodwala pang'ono amakhala kunyumba, inde, koma wodwala pang'ono amagwira yekha foni. Kunyumba ndi kumene anthu amasonkhana ngati kuchipatala kulibenso choti adikire — ayi, ayi, kapena anamuadimita m'mawa n'kumutulutsa, amupatsa mankhwala ogonetsa, ndipo Mervin, pofuna kuoneka wofunika, walanda foni n'kudziika pakhomo ngati mlonda. Zimenezo n'zotheka. Munthu uja anaitanitsapo msonkhano wa komiti chifukwa cha mapoto amene anasowa pa chikondwerero cha 6 Julaye. Koma kaya zili bwanji, pofika pano aliyense akudziwa kale, amayi a mpingo aimbirana, nkhani yafika m'masitolo a mu Lafayette Road mmene Vainess amagula ufa ndi usipa, mwina yawoloka kale mpaka ku Lilongwe, ndipo onsewo akuyang'ana pansi mwaulemu, akusunga chinsinsi cha mkazi wake kwa iye mwamuna wake. Anatsegula wailesi, napeza mlaliki wachizungu akukuwa, natseka.

Bodza laulemuli analilawa kale, ali pa sukulu ya ukachenjede ku Blantyre, pamene amalume ake anatulukira pa hositelo atavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata. "Bambo ako sakupeza bwino, akufuna akuone." Ndipo m'basi ya ku Ntcheu amalumewo anamugulira fanta, anamugulira chimanga chootcha pa Zalewa, anacheza naye za mpira — za mpira, abale! — iye n'kumaseka, n'kumatafuna, chitsiru, akukonza m'mutu zimene akawauze bambo ake za mayeso. Palibe munthu anamuuza. Unamuuza ndi msewu. Atatsika basi n'kukhotera kumudzi anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa panjira, monga amachitira kuti odutsa adziwe kuti pano pali maliro, mzere wina usanafike pakhomopo, wina utapitirira, wa njinga atsike, wa chipewa avule, ndipo nyumba imene inali pakati pa mizere iwiriyo inali yawo. Chimanga chija anachisanza pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti iye adzakhala munthu wonena zinthu mmene zilili, ndipo anakhaladi wotero, mpaka anthu ankamuzemba pa maphwando, ankati a Lucious pakamwa pawo palibe sefa. Iye ankati bola zimenezo kusiyana n'kudyetsa mwana wamasiye chimanga chootcha.

Ku Kokomo, kumene maloboti amakuimitsa mpaka kutopa nawo, foni inalira pa mpando wa pambali. Anayang'ana. Shalom.

Shalom, mwana wokulira kuno, wakumva Chichewa chonse koma woyankha m'Chingelezi, wosadziwa kukulunga kanthu, amene tsiku lina anauza Mervin pamaso pa alendo kuti pemphero lake latalika ndipo chakudya chazizira. Mwana wake weniweni ameneyo, magazi ake. Ndi Lucious amene ankamuphunzitsa kuti asamatafune mawu ngati amalume ake, ndipo mtsikanayo anaphunziradi, moti ngakhale bambo ake akayamba kuzungulira ankangoti, "Dad, just say it." Ameneyu sanganene kuti pang'ono. Ayenera kuti wawazemba, wadzitsekera m'bafa kapena m'galaja, amayi aja akumufunafuna, ndipo iye akangodina batani ili, timawu tochepa ta Chingelezi, tosavala jekete, timuuza zonse, kuti mtima ukhale m'malo, kapena —

Loboti inalola. Wa kumbuyo analiza hutala. Foni inalirabe, kanyimbo kopusa kamene Shalom yemweyo anamuikira, ndipo Lucious anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri ngati wophunzira kuyendetsa. Munthu sayankha foni akuyendetsa, n'zoopsa, aliyense amadziwa. Aima kaye. Pa malo omwetsera mafuta otsatira aima n'kumuimbira. Foni inaleka, kenako inayambanso, ndipo pa loboti ina anaitenga n'kuichotsa kulira — osati kuizimitsa, ayi, sanali wamantha chotero, anangoitseka pakamwa — n'kuivundikira pa mpando. Malo omwetsera mafuta anafika, nawadutsa. Anafikanso ena, nawadutsanso.

Ndiye mayi wa kapinga uja anamubwerera m'maso, ali pa kathirakitala kake, atafulatira pholo, ndipo anayesa kumunyozanso monga anachitira masana, koma kunyozako kunakana kugwira, kunangoterereka n'kumugwera iye mwini. Mwina mayi uja anamva. Mwina anamva bwinobwino, mpaka m'mano, n'kusankha kumaliza mzere wake wa kapinga, chifukwa malinga ngati sunacheuke, ndi kuyesa chabe. Malinga ngati foni ili chafufumimba, Vainess ali pa sofa ndi tiyi wa mandimu, ndipo akafika amukalipira, inde amukalipira ndithu, chifukwa chomuchotsa pa ntchito tsiku lalikulu ngati lero, ndipo mkaziyo aseka kaseko kake kaja n'kufunsa kuti, bambo a Shalom, mwadya? Ndi Mervin amene anamupatsa zimenezi, msewu wonsewu wokhala ndi mkazi wamoyo, ndipo iye anaulandira ndi manja awiri mmene analandirira chimanga chija. Zimenezi zinamupsetsa mtima kuposa zonse. Chitsiru chija cha tayi chinamuyeza, chinamudziwa msinkhu wake, n'kumusokera bodza lomukwana bwinobwino.

Anazungulira mzinda pa msewu waukulu, magalimoto a oweruka atathithikana, dzuwa litapendeka, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatukwane aliyense woyenda pang'onopang'ono. Beech Grove inali monga mwa masiku onse, timanyumba tofanana, mbendera pakhonde, mwamuna wina akutsuka galimoto, fungo la nyama yootcha kuseri kwa mpanda. Anthu okhuta, osadziwa kanthu. Anakhota pa kagolosale kaja, nakhotanso kulowa mu msewu wawo, ndipo phazi lake linaponda buleki lokha.

Pamsewu panali nthambi. Zaziwisi, masamba ake asanafote, zitagona mopingasa kuchokera m'mphepete mpaka pakati, patangotsala pang'ono kufika pawo. Kunawomba chimphepo dzulo, anamva pa wailesi m'mawa, mitengo inathyoka m'madera ena, ndiponso mzungu wa pakona uja amakonda kusadza mitengo yake n'kusiya zinyalala paliponse, munthu wauve, anakanganapo naye. Ndani angayale masamba pa msewu wa ku America? Apolisi angalole? Ngakhale Mervin ndi uchitsiru wake wonse — koma Mervin angathe, Mervin yekhayo angathe, iye ndi azibambo ake a komiti, kuthyola nthambi za mzungu n'kuziyala mwaulemu kuti mlamu asamve kuchokera pakamwa pa munthu. Mphepo imamwaza, siyala. Nanga izi zinali zoyala kapena zomwazika? Anayang'anitsitsa mpaka maso analengeza misozi, osatha kusiyanitsa.

Mzere wachiwiri. Ngati ali maliro, kupitirira nyumba kukhala mzere wachiwiri. Anatsamira pa chiwongolero, natalikitsa khosi. Pakhomo pawo panali magalimoto — ochuluka kuposa a tiyi wa mandimu? koma Amalawi amadzaza pakhomo ngakhale mwana atangogweluka dzino — ndipo kutsogolo kwake kunaima minibasi yoyera ya mpingo, yoimikidwa mokhota monga Mervin amaimikira, itatchinga msewu wonse wa kuseri kwake. Makatani a pabalaza anali otseka. Anatsitsa galasi kuti amve ngati mukuimbidwa nyimbo, koma makutu ake, amene anaima nawo pansi pa sayirini, ankangolira okha, kaphokoso kopyapyala kosatha.

Pa mpando wa pambali, m'mphepete mwa foni yovundikira ija munayamba kutuluka kuwala, kukuyaka n'kuzima pa nsalu ya mpando. Anaitembenuza ndi chala chimodzi. Sanali Shalom, sanali Mervin. Dzina linali la Vainess — nambala yake, foni yake, imene amaisiya pa tebulo la kukhitchini pamene aliyense angaitole — ndipo linkayaka mwakachetechete ngati kanyali ka mu ofesi kaja, kamene kamati ili moyo pamene panja sipakumveka kanthu, kuyaka, kuzima, kuyakanso, injini ikulira pansipansi, nthambi zili patsogolo pa matayala, chala chake chitaima m'malere pamwamba pa batani.